Miyala Yoyera m'Bokosi la Henrique

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inagwa yamkuntho, ndipo inafukula zimene anthu anakwirira. Kumanda atsopano a m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè, kumene kampani ya malasha inasamutsira akufa a kuseri kwa Bagamoyo, dera la ku Moatize, madzi anang'amba ngalande pakati pa mitumbira yopaka njereza, n'kugumula manda a kumapeto kwa mzere. Kabokosi kamene kanali m'menemo kanatulukira theka, chivundikiro chitatseguka. Linali tsiku la Finados, limene Akatolika amakumbukira akufa awo, ndipo amene analawirira kudzapalira manda anasuzumira n'kubwerera chafutambuyo manja ali kumutu. M'bokosimo munalibe fupa ngakhale limodzi. Munali miyala yoyera, yokulungidwa bwinobwino m'nsalu.

Boaventura, wapolisi wofufuza milandu wa ku Moatize, anafika dzuwa lili paliwombo. Anali munthu wa thupi lake, wa maso ogona, woyenda ngati safuna kufika, ndipo ambiri amene anamuyesa wopusa chifukwa cha maso amenewo akudya nyemba za kundende mpaka lero. Sanakankhe aliyense, anthu anapatuka okha.

Pafupi ndi bokosilo panakhala mayi wachikulire atatambasula miyendo pamatope, korona ali m'manja. Chapatali pang'ono panaima mwamuna wa ndevu zake, atavala ovolosi yalalanje ya kumgodi, atamufulatira mayiyo. Boaventura ananjuta pansi.

"Pepani ndi zovutazi, amayi. Dzina lanu ndani?"

"Otília."

"Manda awa ndi a yani?"

"A amuna anga, a Henrique. Anali oti akhale awo."

"Anamwalira liti?"

"Nthawi ya nkhondo. Ankagwira pasitima ya ku Beira, oponya malasha pamoto. Anawawombera cha ku Inhaminga, anzawo anabwera nawo. Ndinawaona nkhope ndi maso angawa, shefe, uyu ali kumsana."

Mwamuna wa ovolosi uja anatembenuka, maso ali psu.

"Amama, lekani. Anthu akumva." Kenako anayang'ana wapolisiyo. "Shefe, ine ndine Ulisses, mwana wawo. Ndamuimbira foni Silvério, amene anapatsidwa ntchito yosamutsa manda. Akuti miyalayi anaipeza momwemo m'manda akale. Ine ndakula anzanga akundinena kuti bambo ako sanafe, anathawira ku Malawi ndi mkazi wina, amako anaika maliro abodza kubisa manyazi. Ndinkamenyana nawo mpaka magazi. Lero ndi izi. Kaya anafera kutchire, kaya anathawa, koma nkhope imene akuti anaionayo ili kuti? Zaka zonsezi ndakhala ndikugwadira miyala!"

Kunena zoona, munthu wolankhula chonchi amayi ake ali pansi pamatope amafunika khofi, ndipo dzanja la Boaventura linayabwa ndithu. Koma anaona kuti mlomo wa Ulisses ukunjenjemera, ndipo anamumvera chisoni.

"Pamene ankafukula manda akale, inu amayi munali kuti?"

"Kunja kwa malona. Anatchinga manda onse kuzungulira, amvekere a zaumoyo aletsa kuona. Mabokosi anatuluka okhomakhoma. Ndinapempha kuti anditsegulire, anandiseka." Otília anakweza maso. "Ndinawaona amuna anga, shefe. Ndipo akadali komweko."

Apa m'pamene panagona nkhani. Ngati mayiyo ankanena zoona, mafupa a Henrique anali akadali kumanda akale, ndipo malowo kampani inali itawatchinga kale ndi waya. Makina ofukula nthaka anali oti alowemo sabata yotsatira. Akangolowa, dothi lonse limakwezedwa pazimagalimoto n'kukatayidwa kuphiri la zinyalala, kumene ngakhale njovu singapezeke. Kampani siimitsa makina chifukwa cha misozi ya nkhalamba, imafuna umboni.

"Iwe kumgodi umagwira ntchito yanji?" anafunsa Boaventura.

Ulisses anayang'ana kumbali. "Ndimayendetsa chofukulira."

"Cha mbali iti?"

"Cha mbali yomweyo, ya kumanda akale."

Boaventura anatola miyala ingapo, naika m'jumbo, n'kuimirira maondo akulira.

* * *

Boaventura anamupeza Silvério pamalo odyera a pafupi ndi siteshoni ya sitima, akulimbana ndi nkhuku yowotcha. Anali kamunthu kosalala, ka wotchi yaikulu, kamene kanatukuka ndi malasha monga ambiri a zaka zimenezo, pamene chipinda cha lendi ku Moatize chinkadula kuposa cha ku Maputo.

"Shefe wanga! Khalani, khalani. Nkhuku iyi yandikulira ndekha."

"Ndadya," anatero Boaventura, m'mimba mukulira. "M'bokosi la a Henrique muli miyala."

"Ndamva, ndamva. Zomvetsa chisoni." Silvério ananyambita chala. "Koma taonani, shefe, ine ndimasamutsa chimene ndachipeza. Ndikapeza mafupa, mafupa. Ndikapeza miyala, miyala. Ndikanaitaya? Umenewo ukanakhala mwano. Inu ndinu wa konkuno, mwambo mukuudziwa. Munthu akafera kutali mtembo osapezeka, ena amaika thunthu la nthochi, ena miyala ya pamalo pamene anagwera. Anzake a pasitima anatola miyala ku Inhaminga komweko n'kubwera nayo. Basi."

"Mayi aja akuti anaona nkhope."

"Ukalamba, shefe. Kapena manyazi. Ine sindiweruza."

"Bwanji simunawauze achibale tsiku lomwelo?"

"Ndiswe mtima wa nkhalamba? Inenso ndili ndi amayi anga."

"Anakumba ndani?"

"Aganyu. Anamwazikana, ena ku Angónia, ena anawoloka malire. Waganyu ali ndi adiresi ngati?" Anaseka, nang'amba mwendo wa nkhuku. "Fufuzani, shefe wanga, fufuzani. Ine mtima uli mbee."

Boaventura anatuluka osatsanzika. Chinamunyansa n'chakuti nkhaniyo inali yomveka. Mwambo wa nthochi ndi miyala anaudziwa, ndipo amene anabweretsa Henrique onse anatsikira kuli chete kalekale. Mboni yotsala inali imodzi yokha, ndipo inali m'jumbo.

* * *

Mng'ono wa mkazi wake, Gizela, anaphunzira za miyala ku Maputo, ndipo ankagwira ntchito m'shedi yaitali imene mgodi umasungiramo miyala yobooledwa pansi pa nthaka. Ndi munthu yekhayo ku Moatize amene ankamuseka Boaventura pamaso osaopa.

"Alamu! Lero mwandibweretsera chiyani? Ena amabweretsa nsomba za ku Zambezi."

"Nsomba n'za amene ali pabanja. Iwe ndakubweretsera chakudya chako."

Anakhuthula jumbo patebulo. Gizela anathira madzi pamwala umodzi, nauyang'ana ndi kagalasi kokulitsa, ndipo kuseka kunatha.

"Mwaitenga kuti imeneyi?"

"Yamba iwe kundiuza."

Gizela anatenga singano n'kutokosa mpaka anagwetsa kanthu kakang'ono ngati mphodza, kaphwatalala, kotupa pakati. Anakaika pagalasi lothira mchenga wosalala ndi madzi, n'kuyamba kukapala mozungulizazunguliza ndi nsonga ya chala. Katatha theka, anakatsuka, nakaika pansi pa makina okulitsira zinthu.

"Suzumirani. Diso limodzi, alamu, linalo muzigona nalo monga mwa masiku onse."

Boaventura anawerama. Zimene anaona zinamuimitsa mutu. M'kanthu kosakwana chikhadabo munali mphete pa mphete, iliyonse yogawidwa tizipinda ta ngodya zinayi, ngati njerwa za chitsime ukamasuzumira uli pamwamba.

"Anamanga ndani zimenezi?"

"Mwini wake. Ndi chigoba cha kachilombo ka m'nyanja yamchere. Si nkhono ayi. Kalibe mutu, kalibe miyendo, kathupi kake n'kadontho chabe, koma kamadzimangira nyumba ya laimu. Banja lake lonse timalitcha foraminifera. Kunja tambiri timafanana, n'chifukwa chake timatipala chonchi, poti mtundu umadziwika ndi kamangidwe ka zipinda zam'kati. Zipinda zikamazungulira mumzere umodzi wopitirira ngati nkhata, ameneyo ndi Nummulites. Aka sikatero. Kamatseka mphete, kenako kuyamba ina kunja kwake. Pamwamba ndi pansi kamasanjikiza tizipinda tina, tochuluka chapakati, n'chifukwa chake katupa pamchombo. Dzina lake ndi Discocyclina. Mtundu wake unatha psiti zaka mamiliyoni oposa makumi atatu zapitazo. Kamoyo simudzakapeza paliponse."

"Dzina ngati la mankhwala a chifuwa. Kuno kamapezeka pati?"

"Kuno kulibe. Miyala ya Moatize ndi ya m'madambo ndi m'mitsinje yakale, mumapezeka masamba. Kwanu ku Zóbuè ndi miyala yolimba ya m'mapiri, yopanda kalikonse. Tizilomboti tinkakhala m'nyanja yofunda, yosazama. Kufupi kumene ndikudziwa ine ndi kumtunda kwa Cheringoma. Ndinatola ndekha tili kusukulu."

"Cheringoma mbali iti?"

"Ku Sofala, kumene njanji ya ku Beira imadutsa. Muanza, Inhaminga."

Boaventura anakhala pampando osauyang'ana. Mboni yake yokhayo inali itaikira kumbuyo Silvério. Anaona m'maganizo nkhope ya Otília, ndipo mtima unamuwawa, chifukwa mayiyo anali atamukhulupirira ndi mtima wonse. Anamufotokozera Gizela nkhani yonse mwachidule, n'kuyamba kubwezera miyala m'jumbo.

"Taimani," anatero Gizela. "Akuti yakhala m'manda kuyambira nthawi ya nkhondo?"

"Eya."

"Bodza limenelo."

Anatenga mwala n'kuuika m'dzanja la mlamu wake, nam'psinjitsa.

"Ukukubayani, eti? Mwala wa laimu sulimba m'dothi lonyowa. Ukakhalamo zaka makumi, ngodya zimatha, thupi limadyeka, zigoba zimatsala zitatumphuka pamwamba ngati nsungu, zina zimayoyoka zokha. Apa ndachita kutokosa ndi singano. Taonani izi, zadulidwa pakati ndi nyundo, nkhope zake zili zoyera. Chaka sindingakuuzeni, koma ya nthawi ya nkhondo si imeneyi." Anatembenuza mwala wina. "Nanga uwu? Mbali iyi yafumbutuka ngati ufa, m'mphepete mwada. Uwu unalawa moto, alamu. Unalowa m'ng'anjo n'kutuluka usanapse wonse."

"Mwala amauwotcheranji?"

"Njereza mumayesa imamera?"

Maso ogona aja anatseguka. Boaventura anakumbukira mitumbira ya kumanda atsopano, mzere pa mzere, yoyera mbee.

"Ndibwereke kagalasi kako."

"Bwerekani ndi ine ndemwe. Inu mungakayang'ane chozondoka."

* * *

Mlonda wa kumanda atsopano sanavute. Anati njereza yonse inkabwera m'matumba pa lole ya Silvério, kuchokera ku Zóbuè, kumene nkhuni sizisowa. M'mawa mwake Boaventura anatenga galimoto ya polisi, wapolisi mmodzi wa yunifomu, ndi Gizela. Anadutsa ku Kambulatsitsi fumbi la malasha likutsalira m'mbuyo, mpweya ukunka nuzizira, mpaka anafika kumene amayi amayala mbatata ndi kabichi m'mbali mwa msewu, malole atandanda kudikira kuwoloka malire. Kwawo kwa Boaventura kunali komweko, ndiye sanachite kufunsa kawiri. Azakhali ake ena ogulitsa tomato analoza ndi mlomo kuseri kwa phiri, kumene kunkatuluka utsi.

Ng'anjoyo inali yokumba m'mbali mwa chulu. Pambali pake panali mulu wa miyala yoyera, ndipo lole inali itaima chambuyo, amuna akuponyamo miyalayo mwa chigulu. Woyang'anira anali Silvério mwini wake, nsapato zake zonyezimira zitayera ndi fumbi. Munthu amene dzulo lake mtima unali mbee, lero anali atalawirira kudzasesa pabwalo.

"Shefe wanga!" Kumwetulira kunabwera mochedwa pang'ono. "Mwatiyendera?"

"Ndimadutsa. Ng'anjo ndi yanu?"

"Kabizinezi kakang'ono. Sikulakwa, eti?"

"Miyala mumaitenga kuti?"

"Ku Malawi, shefe. Ku Balaka. Imadutsa pamalire pomwepa. Ine ku Sofala sindinapondeko chibadwire."

"Ndani watchula Sofala?"



"Wa ku Balaka ndimaudziwa," anatero Gizela, akutola mwala pamulu. "Umanyezimira ngati shuga. Unaphikika pansi pa nthaka kalekale, mulibe chigoba ngakhale chimodzi."

Maso a Boaventura anali pa bambo wina wachikulire amene anaima pakamwa pa ng'anjo atagwira fosholo, manja ake oyera ndi ong'aluka chifukwa cha njereza. Chifikireni galimoto ya polisi, bamboyo anali asanakweze mutu. M'khosi mwake munali kachingwe kakuda ka mankhwala, katsopano.

"Madala, dzina lanu?"

"Délio."

"Muli ndi mwala wonolera, a Délio?"

Bamboyo anabweretsa mwala wonolera nkhwangwa. Boaventura anakhala pachitsa, natokosa mwala wa pamulu ndi nsonga ya mpeni mpaka kanagwa kanthu kaja kotupa pamchombo. Anathira malovu pa mwala wonolera n'kuyamba kupala, osafulumira, ngati alibe ntchito ina padziko. Oponya miyala anasiya, nayandikira. Atatha anapukuta ndi malaya, nayang'ana ndi kagalasi. Mphete zinali pomwepo, ndi tizipinda take ta ngodya zinayi. Anapatsira Gizela, Gizela anagwedeza mutu. Kenako kagalasiko sanakapereke kwa Silvério. Anakapereka kwa Délio.

"Yang'anani, madala. Mukuona tinyumbato?"

Délio anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikuona."

"Timeneti tinali tamoyo. Tinafa anthu asanalengedwe, koma dzulo tandiuza kwawo, ndipo tandibweretsa pano. Tili m'mulu uwu, tilinso m'bokosi la a Henrique. Kachilombo kopanda mutu kakutha kuloza amene anakasuntha. Nanga munthu wamagazi amene munamusiya kuti makina amugaye, mukuganiza kuti adzagona?"

"Délio, usayankhe!" anakuwa Silvério. "Alibe chilolezo ameneyu!"

Koma fosholo inali itagwa kale. Délio anakhala pansi, nalankhula chinyanja chake chosakaniza ndi chinyungwe cha kuchigwa.

"Ine ndilibe kukumba, shefe. Nee. Manda ena onse tinakumba bwino, mafupa tinatola na ulemu. Koma a kumphepete aja ni a anthu akufa na mfuti. Manda a munthu wamagazi satsegula chisawawa. Tinawauza a Silvério, tinati, patrau, itanani akulu, athire ufa, amuuze mwini wake kuti tikukusamutsa usadabwe, ife tisambe mankhwala. Patrau anati nthawi palibe, empreza, kampani ija, ikufuna malo. Anyamata anataya makasu, anati bola ntchito ithe. Ndiye patrau anati, basi, salazani mtumbira, zulani mtanda, m'bokosi muike miyala."

"Bwanji miyala ya kuno? Ku Moatize miyala yatha?"

"Ya ku Moatize ni yakuda, shefe. Patrau anati munthu akasuzumira pamng'alu wa bokosi adzadziwa. Yoyera aziti mafupa. Inali pa lole kale, yotsala ya njereza. Amaitenga ku Muanza pobwera kuchokera ku Beira." Délio anagwira kachingwe ka m'khosi. "Chaka chonse ine sindigona. Akubwera kumaloto atavala chipewa cha njanji, sanena kanthu, angoima."

"Manda a Henrique okha?"

"Mzere wonse wa kumphepete."

Boaventura anatembenuka. Silvério anali atayamba kusendera kumene kunali lole, koma wapolisi wa yunifomu anali atazula kale makiyi. Silvério bodza lake analimanga mochenjera ndithu. Ankadziwa kumene miyala yake imachokera, ndipo Bagamoyo yense ankadziwa kumene Henrique anagwera, ndiye anangolumikiza ziwirizo, n'kusiya mlandu pamutu pa mkazi wamasiye. Chimenechi n'chimene chinamupsetsa mtima Boaventura kuposa kuba kwenikweniko, ndipo unyolo anaumanga yekha.

"Shefe wanga, tingathe kukambirana."

"Tikambirana. Nthawi muli nayo tsopano."

* * *

Mkulu wa mgodi anayamba ndi kukana, ponena kuti ntchito yosamutsa manda inatha ndipo aliyense anavomereza. Boaventura anamuikira patebulo miyala iwiri, wa m'bokosi ndi wa pang'anjo, n'kuimika Délio pakhomo. Gizela anamuonetsa mphete zija. Mkuluyo anasuzumira, napukuta thukuta, n'kunyamula foni. Makina a mbali imeneyo anaima.

Manda akale anali osadziwikanso. Mitengo inali itagwetsedwa, nthaka yasalazidwa, ndipo chapafupi pomwepo dzenje la mgodi linali kukamwa yasa, lakuda, fumbi likufuka. Zofukulira zinaima mumzere m'mphepete mwa waya, mano ali m'mwamba. Mbiri inali itawanda, ndipo kunja kwa wayako kunadzaza anthu, makamaka a mabanja amene abale awo anafa pankhondo. Boaventura anawalonjeza kuti mzere wonse utsegulidwa, manda amodziamodzi, eni ake akuona. Lona panalibe.

Otília anayenda patsogolo, osafuna womulondolera. Anayang'ana phiri la kum'mawa, nayang'ana chitsa cha msawu chimene makina anasiya, n'kuima.

"Apa."

Délio anagwedeza mutu kuvomereza.

Mayiyo anagwada, nachita chizindikiro cha mtanda, kenako anamasula kansalu ka ufa n'kuthira pansi pang'onopang'ono. Analankhula ngati munthu amene akudzutsa mnzake wogona masana.

"A Henrique, ndine Otília. Musadabwe ndi phokosoli. Malo ano anawatenga, anzanu anapita kale. Inu anakusiyani, ndipo ine sindinadziwe, mundikhululukire. Awa akukumbawa si adani, ndawatuma ndine. Musawapweteke. Dzukani, tizipita."

Délio anasamba m'manja ndi kumaso m'beseni la masamba limene mkulu wina wa ku Bagamoyo anakonza, natenga khasu. Anzake awiri anamutsata. Dothi la pamwamba linali lofewa, la pansi lolimba, losakhudzidwa chiikireni maliro. Ulisses anaima pafupi ndi chofukulira chake, manja m'thumba, ngati nkhaniyo si yake. Anali asanalankhule ndi amayi ake chichokereni kumanda atsopano. Mako ndi mako, akuluakulu anatero, koma manyazi akamugwira mwamuna, miyendo imalemera.

Dzenje litafika m'chifuwa, Délio anasiya khasu n'kuyamba kufukula ndi manja. Kenako anaweramuka, misozi ikudula njira pafumbi la kumaso kwake.

"Alipo," anatero. "Ali onse."

Kunja kwa waya amayi anayamba kulira. Otília sanalire. Anayala nsalu yoyera m'bokosi latsopano limene Boaventura anauza kampani kuti ibweretse, ndipo Délio ankatulutsa mafupa limodzilimodzi, ofiirira ngati dothi lomwelo, mayiyo akulandira ndi manja awiri. Chigaza chitatuluka anachipukuta ndi nsonga ya chitenje chake, nachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchigoneka bwino. Ulisses anali atafika pambali pa dzenjelo osadziwa kuti wayenda liti. Anayang'ana m'bokosimo.

Dalaivala wa kampani anayandikitsa galimoto kuti anyamule. Otília anakweza dzanja.

"Ayi. Galimoto zanu ndazionera. Ulisses, bwera unyamule bambo ako mpaka kumsewu."

Ulisses anavula chipewa cha kumgodi n'kuchiponya pansi. Bokosi la chaka chatha analitsitsa m'manda ndi amuna ena awiri, onse akubuula, ndipo thupi lake linkakumbukira zimenezo. Anatambasula miyendo, nagwira mbali zonse ziwiri, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Bokosilo linadumphira pachifuwa pake, iye anadzandira chambuyo, pang'onong'ono agwe. Anaima atalikumbatira, maso ali tong'o.

"Amama," anatero ndi mawu a mwana, "ndi opepuka chonchi?"

"Agwire bwino."

Pamenepo m'pamene chinam'tsikira. Analira mokweza, pakamwa yasa, osasamala anzake a kuntchito amene anaima pa makina awo zipewa zili m'manja. Anayamba kuyenda bokosi lili pachifuwa, misozi itamutseka maso, amayi ake ali pambuyo atamugwira lamba wa ovolosi, akumuuza poponda.